Howard Florey, Munthu Amene Anasandutsa Chuku Kukhala Mankhwala

Chaka chatha, m'nyengo yozizira, ndinadwala chibayo pano pasukulu. Anzanga a m'chipinda chathu chogona akukumbukira usiku uja pamene anandinyamula m'bulangete kupita nane ku galimoto, pakuti sindinali kutha kuimirira, ndipo ndikati ndipume kunali kundibaya m'nthiti monga ndi mkondo. Kuchipatala anandiboola mtsempha wa padzanja napachika diripi pamwamba pa kama wanga. Tsiku ndi tsiku anamwino anali kudza ndi kabotolo ka ufa woyera, nausungunula ndi madzi, naulowetsa m'magazi anga. Tsiku lachitatu ndinapempha phala. Amayi, amene anachoka kumudzi nagona pansi pambali pa kama wanga masiku onsewo, anagwetsa misozi poona ndikudya. Ndisanatuluke ndinapempha anamwino kuti andilembere dzina la ufa uja, ndipo anandilembera pa kapepala mau akuti ceftriaxone.

Nditabwera kuno ndinayamba kulondola dzinalo m'mabuku, ndipo aphunzitsi athu a Biology anandibwereka ena a kunyumba kwao. Mapazi ake anandifikitsa kwa munthu amene dzina lake mulibe m'makope athu. Tonse tikafunsidwa za penicillin timayankha msangamsanga kuti Alexander Fleming, ndipo sitilakwa. Koma Fleming anaona chuku chikupha tizilombo m'kambale. Amene anachititsa kuti chukucho chikhale mankhwala olowa m'mtsempha wa munthu wodwala ndi wina, dzina lake Howard Florey. Ndiye amene ndifuna kukuuzani mbiri yake.

Howard Walter Florey anabadwa pa 24 September 1898 mu mzinda wa Adelaide, ku Australia. Atate wake, Joseph Florey, anachokera ku England ndipo anali ndi fakitale yosoka nsapato. Howard anali mzime, ndiponso mwana wamwamuna yekha pakati pa alongo ake. Mmodzi wa alongowo, Hilda, anaphunzira udotolo, ndipo mnyamatayo anakula akumva nkhani za matenda ndi tizilombo m'nyumba mwao momwe. Anaphunzira pa sukulu ya St Peter's College, kumene anali wakhama m'kalasi ndi pabwalo la masewera pomwe. Mu 1917 anayamba maphunziro a udotolo pa University of Adelaide. Chaka chotsatira atate wake anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima, ndipo kunapezeka kuti fakitale ija inali m'ngongole. Banja limene linali lolemera linasauka. Ena mwa ife tidziwa bwino lomwe chimene chimachitika wolipira fizi akagona. Florey anapitiriza ndi ndalama za mphotho zimene anali kupata chifukwa cha kukhoza mayeso, natsiriza mu 1921.

Anapatanso thandizo la Rhodes Scholarship lokaphunzira ku Oxford. Rhodes wake ndi yemwe uja timamva m'phunziro la History, amene chuma chake chinachokera m'migodi ya kumwera kwa Africa kuno; nkhani imeneyo ndiisiyira ena. Pofuna kusalipira ulendo, Florey anagwira ntchito ya udotolo m'sitima ya pamadzi imene anakwera, nafika ku England kuchiyambi kwa 1922. Ku Oxford anaphunzira pansi pa Sir Charles Sherrington, katswiri wa za ubongo ndi mitsempha, amene anamlangiza kuti atsate phunziro la m'mene matenda amaonongera thupi. Mu 1924 anatsagana ndi gulu la ophunzira a ku Oxford monga dotolo wao pa ulendo wa ku zisumbu za madzi oundana za kumpoto kwa dziko lapansi. Mu 1926 anakwatira Ethel Reed, amene anaphunzira naye udotolo ku Adelaide, atalemberana makalata zaka zisanu. Anabala ana awiri, koma olemba mbiri yake sabisa kuti m'nyumbamo munalibe mtendere wokwanira.

Sanali munthu wokondweretsa pocheza. Anali wa mau ochepa ndi olunjika, wosadziwa kuyamika munthu pamaso, ndipo Angelezi ena anali kumuona ngati wamwano. Koma manja ake anali aluso pa ntchito yoyesa zinthu, ndipo sanali kukhulupirira kanthu asanakayese. Iye mwini anali kuvutika ndi m'mimba, ndipo ichi chinamchititsa kufufuza za mamina ndi zonanda za m'matumbo, zinthu zimene anthu ena sangafune ngakhale kuzitchula pa chakudya. M'kufufuzako anakomana ndi lysozyme, chinthu chopezeka m'misozi, m'mamina ndi m'choyera cha dzira, chimene chimasungunula tizilombo tina. Amene anayamba kuchiona anali Fleming yemwe uja.

Atakhala zaka zingapo ku Cambridge ndi ku Sheffield, mu 1935 anaikidwa kukhala mkulu wa Sir William Dunn School of Pathology ku Oxford, ali ndi zaka 36. Nyumba yake inali yokongola koma ndalama munalibe, kotero kuti analetsa anthu kukwera chikepe cha magetsi kuti asunge tindalama. Maganizo ake anali akuti nthenda siingagonjetsedwe ndi dotolo yekha; afunika akatswiri a Chemistry, odziwa tizilombo ndi odziwa thupi, onse pa ntchito imodzi. Lero izi zimveka zachidziwikire, koma masiku amenewo ofufuza ambiri anali kugwira ntchito yense m'chipinda chake. Motero anaitana Ernst Chain, Myuda wa ku Berlin amene anathawa ulamuliro wa Hitler mu 1933, ndiponso mnyamata wofatsa wa ku Cambridge, Norman Heatley.

Tsono muyenera kudziwa m'mene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Kabala kakang'ono, chithupsa kapena kubereka kumene zinali kutha kupha munthu wamphamvu, tizilombo tikalowa m'magazi. Zipatala zinali ndi zipinda zodzaza anthu otuluka mafinya, ndipo madotolo analibe chochita china koma kung'amba, kutsuka, kudula chiwalo ndi kudikira. Mankhwala a sulfa anali atayamba kupezeka kuyambira 1935 ndipo anathandiza ndithu, koma pamene pali mafinya sanali kugwira bwino ntchito.

Mu 1928, pa chipatala cha St Mary's ku London, Fleming anaona kuti chuku chimene chinagwera m'kambale kake chinapha tizilombo tonse toyandikana nacho. Anatcha madzi a chukucho penicillin, nalemba zimene anaona mu 1929. Tisamchepse: maso ambiri akadataya kambaleko. Koma mphamvu ya madziwo inali kutha msanga, ndipo iye ndi omthandiza ake analephera kuilekanitsa ndi zonyansa zake. Nkhaniyo inagona m'mabuku pafupifupi zaka khumi, mpaka Chain anaipeza powerenga zolembedwa zakale mu 1938. Iye ndi Florey anapangana kuti aiyese. Florey mwini anavomera pambuyo pake kuti sanayambe ntchitoyo poganizira anthu ovutika, koma chifukwa inali funso lokoma la sayansi. Poyamba mau amenewa anandikhumudwitsa, pakuti ndinali kufuna munthu wachifundo. Koma ndinaona kuti wonena chomwecho, pamene dziko lonse likufuna kumtcha mpulumutsi, ndi munthu wosanama.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba mu September 1939, ndipo ndalama zinasowa koposa kale. Thandizo lenileni linachokera ku bungwe la Rockefeller Foundation la ku America. Pang'onopang'ono anapeza kaufa kofiirira, ndipo Loweruka pa 25 May 1940 anakayesa. Anatenga mbewa zoyera zisanu ndi zitatu (si zathu zija zapaphani, koma zoweta m'makola), nazibaya zonse ndi tizilombo takupha totchedwa streptococcus. Zinayi anazipatsa penicillin, zinayi anazisiya. Heatley anachezera usiku akuziyang'anira. Nthawi isanakwane 4 koloko m'mawa zinayi zosalandira mankhwala zinali zitafa zonse, pamene zinzake zinali zamoyo. Sabata lomwelo asilikali a Britain anali kuthawa pa gombe la Dunkirk, ndipo anthu onse anali kuyembekeza kuti Majeremani aoloka nyanja. Florey ndi anzake anapaka njere za chukucho m'kati mwa majekete ao, kuti adani akafika aononge zonse za m'nyumba ija, koma aliyense wopulumuka athawe nayo mbewu pathupi.

Apa ndipo panayambira ntchito yeniyeni. Munthu ndi wamkulu kuposa mbewa pafupifupi ka 3,000, ndipo kuti apeze mankhwala okwanira wodwala mmodzi panafunika madzi a chuku okwana ngati malita 2,000. Makampani a mankhwala a ku Britain anali otanganidwa ndi za nkhondo. Florey anaganiza zosandutsa sukulu yake kukhala fakitale, chinthu chimene chikadamchotsetsa ulemu wonse ntchitoyo ikadalephera. Chuku chija chimamera pamwamba pa madzi osaya, motero anasonkhanitsa chilichonse chotambalala: mabotolo, zitini, ngakhale mbale zimene odwala osatha kudzuka amadzithandiziramo. Mbale zimenezi ndizo zinachita bwino koposa, ndipo Heatley anakaumbitsa zadothi zofanana nazo mazanamazana kwa oumba a ku Burslem. Analemba atsikana asanu ndi mmodzi osamalira chukucho. Heatley yemweyo anamanga makina ndi timapaipi tagalasi, mipira, mabotolo ndi zitini za mkaka, ochotsa penicillin m'madzi a chuku ndi kumbwezera m'madzi oyera, ndipo mbali ina ya ntchitoyo inali kuchitikira m'chipinda chozizira kwambiri kuti mankhwala angaonongeke.

Nditawerenga zotsatirazi ndinamvetsa chifukwa chake anandiboola mtsempha m'malo mondipatsa mapiritsi. Penicillin woyambayo akamwedwa, asidi wa m'mimba amamuononga asanafike m'magazi. Ndipo akalowa m'magazi, impso zimamtulutsa ndi mkodzo m'maola ochepa. Kuli ngati kudzaza mtsuko wobooka: usaleke kuthira. Chifukwa chake anayenera kumdontheza m'mtsempha kosalekeza, kapena kubaya jekeseni maola atatu alionse. Ngakhale lero, munthu akadwala kwakayakaya, njira ya mtsempha ndiyo imafikitsa mankhwala onse m'magazi nthawi yomweyo, ngakhale wodwalayo akusanza kapena wakomoka.

Wodwala woyamba kuchiritsidwa nawo anali wapolisi wa zaka 43, Albert Alexander, amene anagonekedwa m'chipatala cha Radcliffe Infirmary ku Oxford. Bala la kumaso linalowa tizilombo, mutu wonse unali zithupsa, diso limodzi anali atalichotsa kale, ndipo nthenda inafika m'mapapo. Pa 12 February 1941 dotolo wachinyamata Charles Fletcher anamlowetsa penicillin m'mtsempha. Litapita tsiku limodzi kutentha thupi kunatsika, ndipo posakhalitsa anayamba kudya. Koma mankhwala anali ochepa. Anayamba kutenga mkodzo wake kupita nawo ku sukulu ya Florey, kuchotsamo penicillin amene watuluka, ndi kumbwezeranso m'mtsempha. Anachita chomwecho mpaka tsiku lachisanu, ndipo mankhwala anatheratu. Tizilombo tinabweranso mwapang'onopang'ono, ndipo pa 15 March wapolisi uja anamwalira.

Ndaganizira kwambiri za munthu ameneyu. Anapempha chakudya monga ndinapempha ine, ndipo abale ake ayenera kuti anasekerera monga anachitira amayi. Kusiyana kwathu n'kwakuti kabati ya anamwino anga inali ndi timabotolo tokwanira masiku onse.

Florey sanataye mtima, koma anaphunzirapo kanthu: asayambenso kuchiritsa munthu popanda mankhwala okwanira kutsiriza. Anasankha makamaka ana, pakuti matupi ao safuna ochuluka. Mnyamata wa zaka 15 amene bala la opaleshoni ya m'chiuno linaola anachira. Ena anachiranso. Kamwana ka zaka zinayi kanagonjetsa tizilombo, koma kanafa chifukwa mtsempha wa m'mutu umene nthenda inafooketsa unaphulika.

Poona kuti ku Britain sangapange okwanira, Florey ndi Heatley anakwera ndege kudzera ku Lisbon nafika ku New York kuchiyambi kwa July 1941. Ana ake a Florey anali komweko ku America, kumene anawatumiza chaka chapitacho pothawa mabomba. Akuluakulu a boma anawalozera ku mzinda wa Peoria, ku nyumba yofufuza za ulimi. Kumeneko kunapezeka chinthu chimene chinandiseketsa. Mafakitale opanga sitachi amaviika chimanga, ndipo madzi otsalawo, amene ife tikadati matsukwa, anali ochuluka osowa nawo ntchito. Atadyetsa chuku madzi amenewa, chinabala penicillin wochuluka kwambiri kuposa kale. Anapezanso njira yochimeretsa m'matanki akuluakulu opopera mpweya, ndipo mu 1943 vwende loola la pamsika wa ku Peoria linapereka mtundu wa chuku wobala koposa yonse. Florey anayenda kukopa makampani monga Merck, Squibb ndi Pfizer. America italowa m'nkhondo mu December 1941 boma lake linaikapo mphamvu, ndipo pofika June 1944, pamene asilikali anaolokera ku Normandy, panali penicillin wokwanira ovulala ao.

Ku Oxford ntchito yoyesa mankhwalawa pa odwala inali m'manja mwa Ethel Florey, amene anali kuyenda pa njinga m'zipatala, kupereka mankhwala ndi kutolera mabotolo a mkodzo. Mu 1943 iye ndi mwamuna wake anafalitsa zimene anapeza pa odwala 187. Chaka chomwecho Florey anapita kumpoto kwa Africa pamodzi ndi dotolo wa opaleshoni Hugh Cairns, kukaonetsa madotolo a asilikali kuti bala lotsukidwa ndi kuthiridwa penicillin lingathe kusokedwa msanga m'malo molisiya chitsegukire.

Nanga dzina lake linasowa bwanji? Mu August 1942 Fleming anali ndi mnzake wodwala nthenda youmitsa khosi, ndipo anapempha penicillin kwa Florey. Florey anampatsa amene anali naye, namuuza kagwiritsidwe kake, ndipo wodwalayo anachira. Nkhani inamveka m'nyuzipepala ya The Times, ndipo mkulu wa Fleming, Sir Almroth Wright, analemba kalata yonena kuti ulemu upite kwa Fleming. Olemba nyuzi anathamangira ku St Mary's nalandiridwa bwino. Atapita ku Oxford, Florey anakana kuwaona. Anali kuopa kuti anthu adzadza ndi abale ao odwala kudzapempha mankhwala amene kunalibe, ndiponso anali kuona ngati chamanyazi kuti dotolo adzitame m'nyuzi. Olembawo analemba za amene anawatsegulira chitseko. Chifukwa chake choyambacho ndichilemekeza. Koma ndiganiza kuti analakwa pang'ono, pakuti kukhala chete kwake sikunabise dzina lake lokha. Kunabisanso la Heatley, la Ethel ndi la atsikana aja. Ndipo makalata ake aonetsa kuti mumtima zinali kumuwawa.

Mu 1944 anapatsidwa ulemu wa Sir, ndipo mu 1945 mphotho ya Nobel inagawidwa kwa Fleming, Chain ndi Florey. Malamulo ake salola kupitirira anthu atatu, motero Heatley anatsala. Ubwenzi wa Florey ndi Chain unali utatha kale. Chimodzi chimene anakanganirana chinali chakuti Chain anafuna kuti alembetse umwini wa njira yao yopangira mankhwala, pamene akuluakulu a zachipatala ku Britain, amene Florey anawamvera, anati nkosayenera kuchita malonda ndi chinthu chopulumutsa moyo. Pambuyo pake anthu a ku America analembetsa njira zao, ndipo makampani a ku Britain anayamba kulipira. Chain anasamukira ku Rome mu 1948.

Tsono ndifike pa kapepala kanga kaja. Mu 1945 dotolo wa pa chisumbu cha Sardinia ku Italy, Giuseppe Brotzu, anatunga madzi a m'nyanja pafupi ndi pamene mpaipi wa zonyansa za mzinda wa Cagliari umathira, napezamo chuku china chakupha tizilombo. Kwao sanapeze womthandiza, ndipo mu 1948 chukucho chinatumizidwa kwa Florey ku Oxford. Florey anachipereka kwa Edward Abraham ndi Guy Newton, amene mu 1953 anapezamo chinthu chotchedwa cephalosporin C. Mphamvu yake inali yochepa, koma chinali ndi ubwino umodzi: tizilombo tina timene tinali titayamba kuswa penicillin sitinali kutha kuchiswa. Florey mwini anachiyesa pa mbewa naona kuti nchoyenera kuchilondola. Ulendo uno umwini analembetsa. Kuchokera pamenepo akatswiri anapanga banja lonse la mankhwala. Oyamba anagulitsidwa mu 1964, ndipo ceftriaxone, wopangidwa ndi kampani ya Roche ku Switzerland, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1982. Iye sathawa msanga m'magazi monga penicillin, kotero kuti kawirikawiri kamodzi pa tsiku nkokwanira, ndiponso amafika m'madzi ozungulira ubongo, chifukwa chake amampatsa odwala nthenda youmitsa khosi. Florey sanamuone, koma kholo lake linaleredwa m'nyumba yake.

Kuswa kumene ndatchulaku sikunabwere modzidzimutsa. Abraham ndi Chain anaona kale mu 1940 kuti tizilombo tina timatulutsa chinthu choononga penicillin, wodwala woyamba asanalandire n'komwe. Lero ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre apeza kuti tizilombo ta m'magazi tosamva ceftriaxone tachuluka kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'mbuyomo. Nditamva izi ndinachita mantha, ndipo ndinakumbukira m'mene timagawirana makapisozi ku hostelo mnzathu akangotsokomola, ndi kuwasiya pa tsiku lachiwiri.

Zaka zotsiriza za Florey zinali za maudindo. Anathandiza kukhazikitsa Australian National University ku Canberra, ngakhale sanabwerere kukakhala kwao. Mu 1960 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Royal Society, woyamba wochokera ku Australia, ndipo mu 1962 anakhala mkulu wa The Queen's College ku Oxford. Mu 1965 analowa m'nyumba ya ma Lord. Masiku amenewo anali kuda nkhawa ndi kuchuluka kwa anthu padziko, podziwa kuti mankhwala monga ake anali mbali ya chifukwa chake. Ethel anamwalira mu 1966, ndipo chaka chotsatira anakwatira Margaret Jennings, amene anagwira naye ntchito kuyambira masiku a mbewa zija. Anakhala pamodzi miyezi isanu ndi itatu yokha. Nthenda ya mtima, imene anali kuibisa kwa anthu ambiri, inamtenga pa 21 February 1968 ku Oxford, ali ndi zaka 69.

Anthu a kwao anaika nkhope yake pa ndalama ya pepala ya madola 50 kuyambira 1973 mpaka 1995. Heatley anakhala ndi moyo mpaka 2004, ndipo mu 1990 Oxford inampatsa digiri yaulemu ya udotolo, patapita zaka 50 chichezere usiku uja ndi mbewa. Kapepala ka anamwino ndinakamata m'kope langa la Biology, pa tsamba pamene pali dzina la Fleming, ndipo aliyense wofuna kukaona andipeze ikatha nthawi yowerenga madzulo.